Masamba a maluwa a m'nyumba akachita chikasu, yang'anani mizu musanagule mankhwala

Duwa la m'nyumba likayamba kuchita chikasu, anthu ambiri kuno ku Chipata amathamangira zinthu ziwiri: kuwonjezera madzi, kapena kuwaza feteleza wa D compound wotsala wa kumunda. Nthawi zambiri ziwirizi ndi zomwe zimamalizitsa duwa lomwe likadapulumuka. Tsamba lachikasu lingachokere ku mizu yowola, ku njala, ku madzi a pamjigo, ku dzuwa la Okutobala, kapena ku tizilombo tobisala kunsi kwa tsamba, ndipo chithandizo cha vuto limodzi chimakulitsa linzake. Choncho musanathire chilichonse, funsani mafunso atatu: masamba amene asintha ndi akale apansi kapena atsopano akunsonga? Mtunduwo wayambira pati pa tsambalo? Nanga dothi mkati muli bwanji?

Funso lachitatuli ndilo loyamba kuliyankha. Lowetsani chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri, pafupifupi masentimita 4 kapena 5. Ngati mphika ndi waukulu, tengani kamtengo kouma kosalala, mukabaye mpaka pansi, mudikire mphindi imodzi, mukazule. Kakatuluka koda ndi konyowa, pamene munathirira masiku anayi kapena asanu apitawo, vuto lanu ndi madzi. Nyamulaninso mphikawo kuti mumve kulemera kwake, ndipo mununkhize pa mabowo apansi. Dothi labwino limanunkhira ngati nthaka itagwa mvula. Lovunda limatulutsa fungo lowawasa la m'ngalande.

Mizu imapuma. Imafuna mpweya womwe umakhala m'timipata ta m'dothi, ndipo madzi akadzaza timipata tonseto kwa masiku angapo, mizu ing'onoing'ono imafa, kenaka nkhungu za m'nthaka monga Pythium ndi Phytophthora zimalowa nkuwoletsa yotsalayo. Mizu yakufa siikoka madzi. Nchifukwa chake duwa lothiriridwa mopyola limafota ndendende ngati la ludzu, mwini wake nkuthiranso madzi ena. Kusiyana kwake nkwakuti tsamba la ludzu limauma nkumathetheka mukaligwira, pomwe la mizu yowola limakhala lachikasu, lofewa, lolendewera, ndipo masamba apansi amagwa angapo nthawi imodzi. Peace lily ndi money plant zimaonetsa zimenezi msanga. Snake plant ndi ZZ plant zimabisa vutolo kwa nthawi yaitali, tsiku lina mumangopeza tsinde lafewa pansi ndipo tsamba likuzuka lokha. Maluwa awiriwa kwawo ndi ku Africa konkuno, ndipo amasunga madzi m'masamba ndi m'zigawo zapansi pa nthaka. ZZ plant imamera yokha m'nkhalango za kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Malawi ndi Mozambique. M'miyezi yozizira kuthirira kamodzi pa milungu itatu kapena inayi nkokwanira.

Kupulumutsa duwa la mizu yowola

Pendeketsani mphika, mugwire tsinde pakati pa zala, mulitulutse ndi dothi lake. Sasani dothi lonyowalo ndi kutsuka mizu pampopi. Muzu wamoyo ndi wolimba, woyera kapena wotuwirako. Wowola ndi woda, wofewa, ndipo mukaukoka khungu lake limavuka nkutsala kaulusi mkati. Dulani yonse yotere ndi sizasi yopukutidwa ndi spiriti, ndipo muzidula pamwamba pang'ono pa powolapo, pomwe pali poyera. Ngati mwachotsa theka la mizu, chotsaninso gawo limodzi mwa magawo atatu a masamba, chifukwa mizu yotsalayo siingamwetse onse. Dothi lakalelo musalibwezere. Mphika muutsuke ndi sopo, muuviike mphindi 10 m'madzi osakaniza ndi bleach, gawo limodzi la bleach pa magawo 9 a madzi, kenaka muutsukuluze bwino. Mukabzala, money plant kapena peace lily muithirire pang'ono chabe, koma snake plant isiyeni masiku asanu osalawa madzi kuti mabala aume. Feteleza ayi, mpaka patapita milungu inayi kapena isanu ndi umodzi ndipo mwaona tsamba latsopano.

Mizu ikakhala kuti yatha yonse, musataye nthawi. Dulani nsonga yamoyo yokhala ndi mfundo ziwiri kapena zitatu, muyiike m'botolo la madzi oyera, muzisintha madziwo masiku atatu alionse. Money plant imatulutsa mizu pasanathe milungu itatu nyengo yotentha.

Gwero la vutoli kawirikawiri ndi dothi ndi chotengera, osati dzanja lothirira lokha. Dothi la pachulu ndi la kudambo ndi lachonde kumunda, koma mumphika limagwirana, likanyowa siliuma, likauma limang'aluka nkumadutsitsa madzi m'mbali. Kasakanizidwe kamene kamagwira ntchito ndi zinthu zopezeka konkuno ndi aka: magawo awiri a manyowa a masamba ovunda bwino kapena dothi lakuda la pansi pa mitengo, gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje wa maso akuluakulu, ndi gawo limodzi la timakala tophwanya tofanana ndi njere ya chimanga, kapena mankhusu a mpunga owaula. Monstera ndi anthurium zimafuna dothi lotakasuka kwambiri, choncho muwonjezere makala kapena timakungwa touma. Manyowa a nkhuku aawisi amawotcha mizu. Phulusa nalonso musaike, pa chifukwa chimene tifikapo posachedwa. Chitini cha penti kapena chigubu chodula chikhale ndi mabowo osachepera asanu kapena asanu ndi limodzi, akulu ngati pensulo. Chizolowezi choyala miyala pansi pa mphika sichithandiza: madzi sachoka msanga m'dothi losalala kulowa m'miyala, amangoima pamwamba pa miyalayo, pafupi kwambiri ndi mizu. Ndipo posamutsa duwa, mphika watsopano upose wakale ndi masentimita 3 mpaka 5 okha. Mphika waukulu kwambiri umasunga madzi amene mizu siiwafikira.

Ngati dothi lili bwino, werengani tsamba

Tsamba limodzi lakale lapansi likachita chikasu pang'onopang'ono pamene kunsonga kukutuluka atsopano obiriwira, palibe matenda. Lakalamba. Lidulireni.

Njala yeniyeni ili ndi maonekedwe ake. Zakudya za chomera monga nitrogen, potassium ndi magnesium zimayenda m'thupi la chomeracho, ndiye zikachepa, chomera chimazichotsa m'masamba akale nkuzitumiza ku atsopano. Choncho njala ya zitatuzi imayambira pansi. Ya nitrogen imatuwitsa tsamba lonse mofanana, mitsempha ndi pakati pomwe, ndipo duwa limasiya kukula. Alimi a chimanga amaidziwa bwino imeneyi. Ya magnesium imasiya mitsempha yobiriwira, pakati pake nkuchita chikasu. Ya potassium imayambira m'mphepete mwa tsamba, chikasu kenaka kupserera. Iron ndi yosiyana: siyenda, ndiye njala yake imaoneka pa masamba atsopano akunsonga, otuwa kwambiri koma mitsempha yake yobiriwira bwinobwino.

Njala ya iron ndi yoyenera kuimvetsa, chifukwa nthawi zambiri iron imakhala ilimo m'dothi, koma duwa likulephera kuitenga. Madzi a m'mijigo ndi zitsime zambiri amakhala ndi laimu. Mungadziwe poyang'ana m'ketulo: ngati pansi pamachita zoyera zolimba, zomwezo zikuunjikana mumphika wanu wa maluwa. Maluwa ambiri a m'nyumba amakonda dothi la asidi pang'ono, lomwe pH yake (muyeso wa asidi m'dothi) ili pakati pa 5.5 ndi 6.5. Laimu ndi phulusa zimaikweza kupyola 7, ndipo pamenepo iron imamangika. Kuthira urea sikungathetse zimenezi. Chothandiza ndi kusintha dothi, kusiya phulusa, ndi kuthirira madzi a mvula. M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, tcherani madzi a padenga m'mgolo wotseka, koma a mvula yoyamba muwasiye apite chifukwa amatsuka fumbi la pa malata. Ngati mwapeza iron chelate, yomwe ndi iron yokonzedwa kuti chomera chiitenge mosavuta, ku sitolo ya zaulimi, tsatirani mlingo wolembedwa pa paketi.

Pa nitrogen, cholakwika chachikulu ndi mlingo. Urea ali ndi 46 peresenti ya nitrogen, ndipo dzanja lozolowera phando la chimanga limathira wochuluka kwambiri mumphika, momwe feteleza alibe kothawira. Theka la supuni yaing'ono ya tiyi mu malita 5 a madzi ndi lokwanira, kamodzi pa mwezi, pa dothi lonyowa kale. D compound, yemwe ndi 10:20:10 (maperesenti a nitrogen, phosphate ndi potashi), musapyole theka la supuni ya tiyi pa mphika wa masentimita 20, mumukwirire m'mphepete kutali ndi tsinde, kawiri kapena katatu pa nyengo yonse yokula. Pa magnesium, supuni ya tiyi imodzi ya Epsom salt ya ku famasi mu lita imodzi, kamodzi kokha, nkudikira mwezi kuti muone. Juni ndi Julayi musadyetse konse, chifukwa maluwa amakhala ataima kukula. Dziwaninso kuti tsamba lomwe lachita kale chikasu chenicheni silibwerera. Chipambano mumachionera pa masamba otuluka pambuyo pake.

Nsonga zouma zofiirira, makamaka pa dracaena, spider plant ndi peace lily, nthawi zambiri ndi mchere wa feteleza kapena wa madzi umene waunjikana, kuphatikizapo mpweya wouma wa Seputembala ndi Okutobala. Mukaona zoyera pamwamba pa dothi kapena m'mbali mwa mphika wadongo, palani dothi lapamwambalo sentimita imodzi, mutulutse mphika panja, muthire madzi oyera pang'onopang'ono okwana kawiri kapena katatu kukula kwa mphikawo, azituluka pansi. Madzi otsalira m'mbale ya pansi pa mphika muzitaya pakatha mphindi 30. Amabwezera mchere ku mizu, komanso amaswetsa udzudzu m'nyumba momwe mukugona.

Nyengo yathu imalembanso zake pa masamba. Dzuwa la masana la Okutobala likalowa pa zenera loyang'ana kumadzulo limasiya zigamba zoyera kapena zofiirira, zouma, pa mbali yokhayo yoyang'ana dzuwa. Sunthani mphika mita imodzi kapena ziwiri, kapena ikani katani yopyapyala. Usiku wa Juni ndi Julayi, pomwe kuzizira kumatsika kufika cha m'ma 12 digiri kapena kutsikirapo m'malo a m'madambo, dieffenbachia ndi anthurium zosiyidwa pakhonde zimachita zigamba zakuda zonyowa. Muzilowetse, koma osati pafupi ndi mbaula, chifukwa utsi ndi kutentha kwake zimagwetsa masamba. M'chipinda chamdima money plant imataya mawanga ake, masamba amachepa, mfundo zimatalikirana. Fumbi la mphepo ya Ogasiti lipukuteni ndi nsalu yonyowa ndi madzi okha. Mafuta ophikira kapena mkaka, zomwe ena amapaka kuti masamba awale, zimangomata fumbi lina.

Tizilombo

Tembenuzani tsamba. Pafupifupi tizilombo tonse ta maluwa a m'nyumba timakhala kunsi kwa tsamba, m'mphanda mwa tsamba ndi tsinde, kapena m'nsonga yomwe sinatambasuke. Tochi ya pafoni imathandiza kwambiri.

Akangaude ofiira, omwewo amene amavutitsa alimi a tomato, ndiwo mdani wamkulu m'chilimwe. Poyamba pamwamba pa tsamba pamaoneka timadontho tating'ono tachikasu tosawerengeka, kenaka tsamba limatuwa nkumaoneka lafumbi, ndipo pomalizira mumaona taulusi tosalala m'mphanda. Ikani pepala loyera kunsi kwa tsamba, muligogode ndi chala. Timadontho toyenda pa pepalapo ndi iwowo, ndipo mukatipsinja timasiya kamzere kofiira kapena kobiriwirako. Kukatentha cha m'ma 30 digiri, dzira limafika pa kangaude wamkulu woikira mazira ena m'mlungu umodzi wokha. Nchifukwa chake kupopera kamodzi sikuthetsa kanthu: sopo amapha amene wawakhudza, koma mazira ambiri amatsala. Yambani ndi madzi. Kulungani mphika ndi pulasitiki kuti dothi lisakhuthuke, mupendeketse duwa, mutsuke kunsi kwa tsamba lililonse ndi madzi amphamvu pang'ono. Likauma, poperani madzi a sopo (kasakanizidwe kake kali kutsogoloku), nkubwereza masiku asanu alionse katatu kapena kanayi. Musagule cypermethrin pofuna akangaudewa. Samawagwira bwino, amangopha tizilombo tomwe timawadya, ndiye amabwerera ochuluka kuposa kale. Zikafika povuta, mankhwala ake ndi monga abamectin.

Kodikodi, amene alimi a chinangwa amamudziwa, ali ndi abale ake pa maluwa. Amaoneka ngati tithonje toyera tomatirira m'mphanda, ndipo amakonda croton, money plant ndi maluwa a masamba onenepa. Thupi lake lakutidwa ndi phula, moti madzi wamba amangotsetsereka. Nyowetsani kathonje ka m'makutu ndi spiriti wa ku famasi wa 70 peresenti, mukhudze kachilombo kalikonse. Kakasanduka kofiirira, kafa. Mukagwiritsa ntchito spiriti wa mtundu wa papo, yesani kaye pa tsamba limodzi, mudikire tsiku. Wamkazi mmodzi amaikira mazira mazana angapo m'thonje lakelo, choncho muzibwereza mlungu uliwonse kwa mwezi wathunthu, ndipo muyang'anenso kunsi kwa mlomo wa mphika ndi m'mabowo apansi. Ulipo mtundu wina wokhala ku mizu. Duwa likamafooka popanda chifukwa chooneka, ndipo mutalizula mwapeza zoyera ngati ufa pa mizu ndi m'kati mwa mphika, tsukani mizu yonse, mutaye dothilo kutali.

Pa rubber plant ndi mitengo ina ya masamba olimba mumapezeka timatuza tofiirira tozungulira tomamatira pa tsinde ndi pa mtsempha waukulu wa tsamba. Anthu ambiri amayesa ndi khungu la mtengo. Kandani ndi chikhadabo: kakachoka nkusiya ponyowa, ndi kachilombo koyamwa madzi a chomera kali pansi pa chigoba chake. Mswachi wakale woviika m'madzi a sopo ndiwo chida chabwino, kenaka mafuta a nimu.

Nsabwe zobiriwira kapena zakuda zimaunjikana pa nsonga zanthete nkupiringiza masamba. Ntchentche zoyera zimauluka mukagwedeza duwa. Zonsezi, pamodzi ndi kodikodi ndi timatuza tija, zimatulutsa madzi otsekemera omata. Mukaona masamba kapena tebulo likunanda, kapena masamba akuda ngati apakidwa mwaye, yang'anani pamwamba pake. Mwayewo ndi nkhungu yomera pa zotsekemerazo, ndipo umachoka ndi nsalu yonyowa. Nyerere zikamakwera ndi kutsika pa tsinde, zikuweta tizilomboti: zimamwa zotsekemera, zimatiteteza, ndipo zimatinyamula kupita pa duwa lina. Mukapha kodikodi nkusiya nyerere, pakatha milungu iwiri mumayambiranso. Ikani mphika pa njerwa yomwe ili m'mbale ya madzi a sopo kwa masiku angapo, njerwayo itumphukire pamwamba pa madzi. Ngati chisa chili mumphika momwemo, umizeni wonse m'ndowa ya madzi kwa mphindi 20, nkuusiya ukhe bwino.

Tintchentche takuda touluka mukamathirira ndi mboni ya dothi losauma. Mphutsi zake zimakhala m'masentimita ochepa apamwamba nkumadya zovunda ndi timizu tanthete. Lekani dothi lapamwamba liume masentimita 4 musanathirirenso, muyale mchenga wouma sentimita imodzi pamwamba. Msampha wake ndi wosavuta: dulani kachidutswa ka chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, mupake Vaseline mbali zonse, mukabaye pa kamtengo mumphika. Umagwiranso ntchentche zoyera. Ma thrips, tizilombo tating'ono towonda toyamwa masamba, ndi ovuta kuwaona. Chizindikiro chawo ndi mizere yotuwa yonyezimira pa tsamba yokhala ndi timadontho takuda, makamaka pa monstera. Masamba owonongeka kwambiri muwadule ndi kuwatentha.

Kasakanizidwe ka sopo ndi nimu

Supuni ya tiyi imodzi, mamililita 5, ya sopo wamadzi wofatsa mu lita imodzi ya madzi, makamaka a mvula, chifukwa madzi a laimu amafooketsa sopo. Sopo waufa kapena waphala wochapira zovala amasungunula phula loteteza tsamba nkuliwotcha, ndiye asayandikire maluwa. Pa nimu, mamililita 5 a mafuta ake ndi theka la supuni ya tiyi ya sopo mu lita imodzi ya madzi ofunda pang'ono. Khutchumulani botolo pafupipafupi popopera, ndipo otsala mutaye, chifukwa akagona mphamvu imatha. Poperani madzulo, pamthunzi, pa duwa lomwe lamwa madzi, mpaka kunsi kwa masamba kukudontha. Kupopera masana dzuwa likuswa mtengo kumapserezetsa masamba. Calathea, ma fern ndi croton muyese kaye pa tsamba limodzi ndi kudikira masiku awiri.

Madzi a fodya, omwe ena amalimbikitsa popeza fodya ndi wosasowa m'chigawo chino, sindikuwavomereza m'nyumba. Nicotine ndi poizoni wolowa ngakhale pakhungu, ndipo m'nyumba muli ana, amphaka ndi ziwiya zodyera. Mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu nawonso amawotcha masamba. Mankhwala alionse a ku sitolo ya zaulimi muzipopera panja, mutavala magolovesi ndi chotseka pamphuno, pa mlingo wolembedwa, ndipo duwa libwerere m'nyumba litauma. Podula dieffenbachia valani magolovesi kapena mapepala a pulasitiki m'manja. Utomoni wake umawotcha m'kamwa ndi m'maso ndi kutupitsa lilime, ndiye duwa limeneli lisakhale pomwe mwana wokwawa angalifikire.

Mawanga a m'dzinja ndi nkhani ina. Banga lofiirira lozungulira lokhala ndi mizere ngati mphete nthawi zambiri ndi nkhungu. Looneka lonyowa, lozunguliridwa ndi chikasu, lofalikira msanga ndi kununkha, ndi mabakiteriya. Dulani masambawo, mupukute sizasi ndi spiriti pa tsamba lililonse, musiye kunyowetsa masamba pothirira, ndipo mutalikitse miphika kuti mphepo izidutsa. Mankhwala opopera a copper oxychloride amateteza masamba otsala koma sachiza odwala kale. Masamba atsopano akamatuluka opotoka okhala ndi zigamba zobiriwira ndi zachikasu zosakhala za mtundu wa duwalo, pomwe tizilombo palibe, akhoza kukhala mavairasi, ndipo amenewo alibe mankhwala. Duwa lotere litayeni, musadulepo mbewu.

Tizilombo tambiri timalowa m'nyumba pa duwa latsopano, kaya mwagula m'mbali mwa msewu kapena ndi nthambi yomwe mnansi wakuthyolerani. Liikeni palokha milungu itatu, kutali ndi ena, muzilitembenuza masamba kawiri pa mlungu. Ngati mwachokera kudimba la tomato, sambani m'manja ndi kusintha malaya musanagwire maluwa, chifukwa akangaude ofiira amayenda pa zovala. Dothi lotenga panja muliike m'thumba la pulasitiki loonekera mkati, lonyowa pang'ono, losapyola masentimita 10 kuchindikala, mumange pakamwa, muliyanike padzuwa la Seputembala kapena Okutobala kwa milungu inayi, mukulitembenuza mlungu uliwonse. Ngati mukufuna dothilo mwachangu, lithireni madzi owira m'chitini chobowola, lizizire ndi kukha tsiku lathunthu musanabzale.